Anasaina fomu, koma tsopano akufuna ndifafanize chipsera cha pamimba

Wojambula m'studio:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndikukonza chionetsero cha zithunzi 12 za anthu osavala, zakuda ndi zoyera, zoonetsa thupi monga lilili. Mayi wina wa zaka za m'ma 40 anavomera, fomu anasaina. Dzulo nditawaonetsa zithunzizo pa kompyuta anangoti chete, dzanja lili pakamwa. Kenako akuti ndifafanize chipsera cha opaleshoni yobadwitsa mwana ndi mizere ya pamimba, mimbayonso ndiichepetse. Ndikatero ntchito yonse yataya mutu. Komanso mmene anandiyang'anira muja, tulo sanabwere.

Wokonza zithunzi pa kompyuta:
Tisanafike ku Photoshop, achimwene, nyali munaiika pati? Nanga lenzi yanji?

Wojambula m'studio:
Nyali imodzi pambali, yopanda softbox (chophimba nyali chofewetsa kuwala). Lenzi ya 35mm, ndili pafupi chifukwa chipinda n'chaching'ono.

Wokonza zithunzi pa kompyuta:
Ndiye vuto layambira pomwepo. Kuwala kolimba kochokera m'mbali kumagwetsa mthunzi m'kamzere kalikonse, chipsera n'kumaoneka chakuya kuposa mmene chilili. Ndipo mukayandikira chonchi, chiwalo chomwe chili kufupi ndi kamera chimatupa. Thupi limene mayiwo anaona si limene amaliona pagalasi. Bwererani m'mbuyo, gwiritsani lenzi ya 85mm, softbox yaikulu ikhale chakutsogolo. Chipsera chidzaonekabe, koma sichidzakuwa. Kuchepetsa mimba kokhako ayi, ine ndimakana. Ku France, kuyambira mu 2017, chithunzi chamalonda chimene thupi lasinthidwa motere chimayenera kulembedwa kuti chakonzedwa, ndipo kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images inasiya kulandira zotere chaka chomwecho.

Mayi wojambula, zaka 20 pantchito:
Zanyalizo n'zoona, koma mawu akuti "anasaina fomu" andikhumudwitsa. Munthu amasaina atavala, asanadzione. Ine fomu yanga ili pawiri: chilolezo chojambula, ndi chilolezo choonetsa, chimene amasaina ataona chithunzi chilichonse pachokhapachokha. Pamalembedwanso koonetsera, kaya pakhoma pokha kaya pa intaneti pomwe, pakuti chikafika pa intaneti simungachibwezenso. Chimene wakana ndimachifufuta iye akuona.

Ndifunsenso: pa zithunzi 12 zija, amuna ndi angati?

Wojambula m'studio:
Palibe, amayi. Sindinaganizeko n'komwe.

Mayi wojambula, zaka 20 pantchito:
Si inu nokha. Mu 1989 gulu la amayi aluso la Guerrilla Girls linawerenga m'zipinda za luso lamakono ku Metropolitan Museum ku New York: mwa ojambula, akazi sankafika 5 pa 100 alionse, koma zithunzi zosavala 85 pa 100 zinali za akazi. Mayi wojambula Imogen Cunningham atajambula mwamuna wake osavala pa phiri la Rainier mu 1915, anthu anamunyoza kwambiri. Mayi amene munawajambulawo akudziwa kuti pakhomapo oyang'anidwa ndi akazi okhaokha, n'chifukwa chake akudziteteza. Pakanakhala bambo wa mimba yake ndi imvi pachifuwa, mtima wawo ukanakhalako pansi.

Wojambula m'studio:
Ndawaimbira. Tijambulanso Loweruka, kamera italumikizidwa ku kompyuta kuti aziona chilichonse pompopompo, ndipo abwera ndi mchemwali wawo. Ndawauza kuti akakanabe, chawocho sichikwera pakhoma. Amayi, munganditumizireko fomu yanu ija? Abambo awiri ndayamba kale kuwafufuza.