Mpeni umene agogo anabwera nawo kuchokera ku Burma: kodi ndi wa makomando?

Mdzukulu wa KAR, Zomba

Moni nonse akuluakulu. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, anali msilikali wa King's African Rifles (KAR) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anakafika mpaka ku Burma. Anatisiya ine ndili ku pulayimale. Chaka chino mayi andipatsa bokosi lawo lachitsulo, ndipo m'katimo muli mamendulo, kabuku kong'ambikang'ambika kokhala ndi nambala yawo yausilikali, ndi mpeni.

Mpeniwo ndi wowonda, wakuthwa konsekonse, wosongoka kwambiri, ndipo chitsulo chake chatalika pafupifupi mainchesi 7. Chigwiriro n'chachitsulo, chonenepa pakati, chokhala ndi mizere yozungulira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pakachitsulo kopingasa koteteza dzanja pali kachizindikiro kooneka ngati mutu wa muvi. Chimake n'chachikopa, chili ndi kachitsulo kunsonga ndi timakutu tachikopa m'mbali. Dzimbiri layamba kudya.

Nditaika chithunzi pa Facebook, bambo wina anandilembera kuti ndi mpeni wa makomando ndipo akufuna kugula. Koma mayi sakuufuna n'komwe m'nyumba, akuti ndi mpeni wamagazi, ndikautaye m'chimbudzi. Ndithandizeni: kodi ndi weniweni? Kodi asilikali athu ankapatsidwa mipeni yotere? Nanga dzimbirilo ndilichotse bwanji?

Wosunga Zakale, Leicester

Achimwene, chonde musautaye, komanso musathamangire kuugulitsa. Ine ndimatolera mipeni ya asilikali kuno ku Britain, ndipo zimene mwafotokozazo ndi mpeni wotchedwa Fairbairn-Sykes. Anaukonza William Fairbairn ndi Eric Sykes, amene anagwirapo ntchito ndi apolisi a mumzinda wa Shanghai ku China, kenako n'kumadzaphunzitsa makomando ku Scotland. Kampani ya Wilkinson Sword inayamba kuusula mu 1941.

Ilipo ya mitundu itatu. Woyamba uli ndi kachitsulo koteteza dzanja kokhota ngati chilembo cha S, ndipo pakati pa chigwiriro ndi kukamwa pali kamalo kafulati kolembedwa dzina la kampani. Umenewo ndi wosowa, mtengo wake ndi wokwera zedi, ndipo ndiwo anthu achinyengo amakonda kupanga wabodza. Wachiwiri kachitsulo kake n'kowongoka, chigwiriro chili ndi timizere topingasana. Wachitatu unayamba mu 1943, chigwiriro chake ankachita kuthira m'chikombole kuti apange yambiri mwachangu, ndipo ndi umene uli ndi mizere yozungulira. Wanuwo ndi wachitatu. Mutu wa muviwo ndi chidindo chosonyeza kuti katunduyo ndi wa boma la Britain. Timakutu ta pachimake tinali tosokera pa yunifolomu, pamwendo kapena pamkono.

Ndisakunamizeni: mtundu wachitatuwu ndi wochuluka. Makampani a ku Sheffield anapitiriza kuupanga nkhondo itatha, ndipo mpaka lero ukupangidwa. Onetsetsani ngati pakachitsulo kopingasako palembedwa mawu akuti ENGLAND. Ngati alipo, kawirikawiri ndiye kuti ndi umodzi wa mipeni yotsala imene inagulitsidwa kunja, makamaka ku America, nkhondo itatha. Ngati palibe, ndipo bokosilo lakhala lili pakhomo kuyambira nthawi ya agogo, muli ndi chinthu chimene ife otolera timachisowa kwambiri, mpeni wodziwika mwini wake.

Za dzimbiri, musayerekeze kupala ndi sandipepa kapena kupita nawo kwa onola mipeni kumsika. Mpeni wakale wonoledwa ndi kuwalitsidwa umatsika mtengo, ndipo zidindo zimafufutika. Thirani mafuta a makina osokera, usiyeni ugone, kenako pukutani ndi kansalu kofewa. Bwerezani mpaka dzimbiri lofiira litaleka kutuluka. Kuda kotsalako kusiyeni, ambiri ankachita kuwadetsa dala kuti asanyezimire usiku. Ndipo musausunge m'chimake, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi, ndiye ndi nyengo ya ku Zomba mudzapeza chitsulo chitadyeka.

Sajeni Wopuma, Lilongwe

Mwana wanga, ndiyankhe za mantha a mayi anu, chifukwa si opanda pake. Ine ndinatumikira usilikali mpaka kupuma, ndipo akuluakulu amene anatiphunzitsa anaphunzitsidwa ndi anthu a m'badwo wa agogo anuwo.

Mpeni umenewo unapangidwira ntchito imodzi, yobaya munthu mwakachetechete, makamaka mlonda wa adani usiku. Zimenezo n'zoona ndipo sindingazikometse. Koma ntchito yotero inali ya magulu ochepa apadera, ndipo ngakhale kwa iwo sinkachitika tsiku ndi tsiku. Pankhondo anthu ambiri amafa ndi mizinga, mabomba, zipolopolo ndi matenda. Msilikali wamba mpeni amaufunira kutsegula zitini, kudula chingwe, kusongola zikhomo ndi kusenda chinangwa akachipeza. Pa ntchito zimenezo Fairbairn-Sykes ndi wosathandiza, nsonga yake imathyoka msanga. Asilikali a ku America anauyesa: a gulu lapadera la Marine Raiders anapatsidwa mpeni wotengera womwewu, koma gulu lonse la ma Marines linasankha mpeni wina wotchedwa Ka-Bar mu 1942, wokulirapo, wakuthwa mbali imodzi, wa chigwiriro chachikopa, woti ungamenyere nkhondo komanso kukumbira ndi kutsegulira bokosi.

Chitsulo chenicheni cha msilikali wa KAR chinali chikwanje, pamodzi ndi beneti ya pa mfuti ya .303. Chikwanje ndicho chinkalambula njira m'nkhalango, kudula nsungwi zomangira misasa ndi machira onyamulira ovulala, ndipo nkhondo ikafika pogwirana chinkagwiranso ntchito inayo. Otolera ambiri sachilabadira chifukwa sichikongola pakhoma. Ine zimandipweteka, chifukwa mbiri ya asilikali athu ili m'chikwanjemo. Mukafunse kumudzi ngati agogo sanabwere nacho. Zambiri zinathera kumunda.

Ndiye muwauze mayi mwaulemu kuti palibe umboni woti mpeniwo unakhudza magazi. Koma ngati mtima wawo sukuvomera, musawakakamize kugona nawo nyumba imodzi. Usungeni kwanu.

Mphunzitsi wa Mbiri, Blantyre

A Sajeni anena zoona kuti sunali mpeni wa msilikali aliyense, koma ine sindikudabwa kuti wapezeka m'bokosi la munthu wa KAR. Asilikali athu ndi makomando anakumanapo kawiri konse. Mu 1942 ku Madagascar kunali No. 5 Commando, ndipo kunalinso 22nd East African Brigade, mmene munali asilikali a ku Nyasaland. Kenako ku Arakan, m'mbali mwa nyanja ku Burma, mu 1945 kunali 3 Commando Brigade, ndipo brigedi ya 22 ija inalinso m'dera lomwelo, pamodzi ndi anzathu a Northern Rhodesia Regiment ndi Rhodesian African Rifles. Asilikali amasinthana zinthu, amapatsana mphatso, amatola zimene zagwa. Maofisala ena ankachita kudzigulira okha mipeni yotere, ndipo ofisala ankatha kusiyira msilikali amene ankamutumikira potsanzikana.

N'chifukwa chake ine ndikuti kabuku kong'ambikako n'kofunika kuposa mpeniwo. Onani bataliyoni imene yalembedwamo. Ngati agogo anali mu 11th East African Division, ndiye kuti anadutsa chigwa cha Kabaw mu 1944, m'nyengo ya mvula yamphamvu imene ambiri ankati nkhondo singamenyedwe, mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Chigwa chimenecho chinali cha malungo ndi matope, magalimoto ankatitimira, ndipo chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Ngati anali mu brigedi ya 22, nkhani ya Madagascar ndi Arakan ndi yawo. Onaninso mamendulo: ya Burma Star ili ndi kansalu kofiira pakati, ndi mizere yabuluu ndi yachikasu chofiirira m'mbali.

Ndine mayi, ndipo ndikuwamvetsa mayi anu. Koma ana amene ndimaphunzitsa amadutsa pa chipilala cha KAR ku Zomba osadziwa kuti agogo awo anawoloka nyanja kukamenya nkhondo ndi Japan. Zinthu zogwirika za asilikali athu zatsala zochepa kwambiri m'dziko muno. Mpeniwo ukapita kwa wogula, udzakhala mpeni wa makomando chabe pakati pa mipeni ina, dzina la agogo lidzatsalira panjira. Musalekanitse mpeni, mamendulo ndi kabuku. Jambulani zonse, lembani zimene mayi ndi amalume akukumbukira adakali moyo, ndipo mukafike ku National Archives komweko ku Zomba ndi nambala ija. Tsiku lina banja likadzalephera kusunga, kuli nyumba yosungira zakale ku Chichiri.

Mdzukulu wa KAR, Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana, mawu akuti ENGLAND palibe. Nsonga ndi yothyoka pang'ono ndipo zikuoneka kuti munthu anainolanso kalekale. Mendulo imodzi ndi ya Burma Star monga mwafotokozera, mayi mphunzitsi. Kabukuko inki inafufutika, ndikufuna munthu wa maso akuthwa andithandize kuwerenga. Wogula uja ndamuuza kuti sitigulitsa. Mchimwene wanga wa ku Manchester akuti ndimutumizire akauonetse kwa akatswiri. Kodi zimenezo n'zotheka?

Wosunga Zakale, Leicester

Nsonga yothyoka n'kunoledwanso ndi chinthu chofala pa mipeni imene inayendadi ndi asilikali, ndipo zikugwirizana ndi zimene a Sajeni anena. Isiyeni choncho, musaikonze.

Zoutumiza kuno ine sindikulimbikitsa. M'chikwama chokwera nacho m'ndege sungaloledwe, ndipo pakasitomu akhoza kuugwira kuti aufufuze. Ukafikanso kuno, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, kupatula kampeni kopinda kosapitirira mainchesi 3. Ife otolera timanyamula yathu itakulungidwa bwino, popita ndi pochokera kuchionetsero basi. Mchimwene wanu asadziike m'mavuto pachabe.

Akatswiri zithunzi zimawakwanira. Jambulani masana panja pamthunzi, mbali zonse ziwiri, muike rula pambali. Mujambule pafupi kachitsulo kopingasako pamwamba ndi pansi, kanati ka kumapeto kwa chigwiriro, ndi kusoka kwa chimake. Pafupi ndi kanatiko yang'anani ngati pali kanambala kakang'ono kotukuka, kamene kanachokera m'chikombole. Kabukuko kajambuleninso tsamba ndi tsamba, kuwala kukuchokera m'mbali, chifukwa inki ikafufutika mkwasa wa cholembera umatsala papepala ndipo nthawi zambiri nambala ya bataliyoni imawerengeka. Mukatero ikani pano tiwerengere limodzi.