Masheya kapena ndingogula mpunga? Kwatsala zaka 3 ndipume pa ntchito

Mphunzitsi wa ku Dwangwa: Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 57, ndikafika 60 ndikupuma. Kanyumba kanga ka lendi kamandipatsa K90,000 pa mwezi ndipo ana onse anamaliza sukulu ndiye ndalamayi imangokhala ku akaunti. Mwana wanga akuti ndiziika ku yuniti trasti, ija amasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri nkugula masheya a makampani osiyanasiyana. Kodi pa msinkhu wangawu nzoyenera?

Mlimi wa pa Bua: Aphunzitsi, ine masheya sindimawakhulupirira, chinthu choti sungachigwire. Gulani mpunga nthawi yokolola uli wotchipa, sungani, mukagulitse Januwale. Matumba mumawaona ndi maso anu m'nyumba.

Mayi wa pa Chia: Mpungawo nawo uli ndi anankafumbwe ndi makoswe achimwene, ine chaka china matumba 8 ananyowa denga litadontha, kufukula pansipo nkuti atachita nkhungu mpaka ndinalira. Komanso munthu wa zaka 60 azikakwezabe matumba pa lole?

Kalaliki wopuma: Ineyo ndinapuma kale ndiye ndiyankhule zomwe ndaona. Choyamba kusunga ku akaunti ndiye ayi ndithu. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 pelesenti, pomwe Meyi 2022 inali itagwanso ndi 25? Amene anangosunga kubanki anadzuka ndalama ili yomweyo koma yosagula zomwe inkagula, sopo, mafuta ophikira, simenti zonse zinathawa. Masheya ubwino wake kampani ikakweza mitengo nkupanga phindu inunso mumadyako, mtengo wa sheya umakwera komanso amagawa dividendi, gawo la phindu lomwe amapatsa eni masheya. Ndipo si zakutali ayi, Illovo yomwe mukuiona nzimbe zake pa Dwangwa pomwepo ili pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pamodzi ndi National Bank, Airtel, TNM, Press Corporation, NICO ndi ena. Koma mvetsetsani apa, mtengo umatsikanso, ndipo zaka 3 nzochepa, mukhoza kufuna ndalama ya mankhwala nthawi yomwe msika wagwa nkugulitsa moluza. Wa zaka 30 amadikira ukwerenso, inu simungadikire motalika choncho.

Mphunzitsi wa ku Dwangwa: Nde mukuti ndisiye bambo?

Kalaliki wopuma: Ayi sindikutero. Gawani. Ya mavuto adzidzidzi, ya miyezi ingapo, ikhale poti mutha kutapa msanga. Ina ku fandi ya money market, ija imaika ndalama ku ma treasury bill, komwe nkubwereketsa boma kwa nthawi yochepa, ndi kumabanki, siidumphadumpha ngati masheya. Ya masheya ikhale yokhayo yomwe mukudziwa kuti simuigwira zaka 5 kapena kuposa. Old Mutual ali ndi ma fandi a mitundu imeneyi, kuphatikizapo balanced yomwe amasakaniza masheya ndi zina. Palinso kampani ya National Investment Trust, NITL, imagulidwa ngati sheya imodzi kudzera kwa buloka, wogulira anthu masheya pa msika, koma mkati mwake muli masheya a makampani angapo.

Mlimi wa pa Bua: Nanga osamalira ndalamawo amagwira ulere? Amadula zawo chaka chilichonse kaya mwapindula kaya ayi.

Mayi wa pa Chia: Apo mwanena zoona. Aphunzitsi mukafunse amadula zingati pa chaka komanso mukafuna kutapa zimatenga masiku angati, akulembereni papepala. Ndipo onetsetsani kuti ali ndi chiphaso cha Reserve Bank, kuno kunabwera anyamata ovala bwino akuti ikani K50,000 pakutha mwezi mulandira K100,000, mlamu wanga anaika ya fetereza, mpaka lero foni yawo siikupezeka.

Mphunzitsi wa ku Dwangwa: Pepani mayi, zimenezo nzowawa. Zikomo nonse. Ndaganiza K30,000 ndiziika ku balanced, K40,000 ku money market, yotsalayo ndigulako matumba angapo a kilombero nthawi yokolola. Sabata ya mawa nditsikira ku Lilongwe ndikafunse za fiziyo ndisanasaine kalikonse. Popita ndinyamule chani, ID yokha ikwana?

Kalaliki wopuma: Tengani ID, chosonyeza komwe mukukhala ndi payslip, komanso muyambe mwawaimbira foni akuuzeni zonse musanawononge thiransipoti.