Mphika wa pressure: ndigule kapena ndalamayo ipite ku makala?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Ndalama yanga ya banki m'khonde yatuluka ndipo mtima uli pa mphika wa pressure, wa magetsi uja. Pakhomo pano tilipo anthu 7, nyemba ndiye ndiwo zathu za masiku ambiri, ndiye makala sakuchedwa kutha. Bambo a kunyumba akuti n'zachizungu zimenezo, ndingogula matumba a makala basi. Amene muli nawo ndiuzeni zoona zake.

Mayi a Tadala: Gulani asisi, musamvere zambiri. Kholophethe ndikamuviika usiku, m'mawa mphindi 25 wapsa. Pa mbaula munthu umatereka nyemba ana akupita kusukulu, n'kumaphula akuweruka, uku ukuthira madzi, uku ukuonjezera makala. Pano ndimangotseka chivindikiro n'kupita kukachapa.

Agogo aNambewe: Kupsa n'kwina, kukoma n'kwina, ana inu. Ndinadyako nyemba zoterozo kwa mpongozi wanga. Zofewa ndithu, koma msuzi uli mbee, madzi paokha nyemba pazokha. Nyemba zimafuna kubwata pang'onopang'ono mpaka zina zisweke, msuzi ugwirane, ukati usunse nsima uzikakamira. Za mumphika wa dothi ndiye musanene.

Mayi a Tadala: Agogo, apongozi anuwo anachulutsa madzi. Mphika umenewu sutaya nthunzi yambiri, ndiye madzi amene mwathira ndi omwe mudzawapeze. Ine ndimathira ongomiza nyembazo pang'ono. Zikapsa ndimakazinga anyezi ndi tomato, n'kuthiramo, n'kusiya zibwate chosavindikira kwa mphindi 10, kwinaku ndikuphwanya zina ndi chipande. Tomato musamuike poyamba, amachedwetsa nyemba kufewa. Mudzabwere mudzalawe, mudzandiuze nokha.

Agogo aNambewe: Ndibwera, koma chilungamo ndidzanena.

APhiri a ku Dedza: Ndilowerereko ngati mphunzitsi. Mumphika wamba madzi akawira sapitirira madigiri 100, kaya musonkhezere moto chotani. Makala oonjezerawo amangothera kusandutsa madzi nthunzi. Mphika wa pressure umatsekera nthunziyo mkati, madzi n'kutentha mpaka cha m'ma 115 kapena 120, n'chifukwa chake zinthu zimapsa msanga. Kuno ku Dedza tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600, madzi amawira pa madigiri 95 okha, ndiye nyemba zimachedwa kuposa ku Salima kapena ku Nsanje. Ife a kumapiri ndi amene mphikawu umatipindulira kwambiri.

Nachisale: Zikomo aphunzitsi. Nanga magetsi akazima nyemba zili pakati?

Mayi a Tadala: Musatsegule. Ngati mphika unali utagwira kale pressure, zimapitirira kupsa ndi kutentha komweko kwa kanthawi. Koma akazima musanayambe, basi, kolezani mbaula.

Achimwene a ku Joni: Apo ndi pamene ine ndikukanira. Mwaiwala 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a ku Kapichira? Mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, dziko linakhala mumdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Kunonso ku Johannesburg load shedding inatiphunzitsa. Ine alongo anga ndinawatumizira wosagwiritsa magetsi, wotereka pamoto, uja umalira mluzu. Umakhala pa gasi, pa hot plate, ngakhale pa mbaula. Wa magetsi ukafa ka board ka mkati, mukaupititsa kwa ndani?

Make Yamikani: Pa mbaula ayi achimwene, ine ndinaona. Moto wa makala suchepetseka ngati wa gasi. Mphika ukayamba kulira umafuna moto wochepa, tsono pa mbaula umangofwentha mosalekeza, madzi n'kuuma, zogwirira za pulasitiki n'kuyamba kusungunuka. Ukhoza kupungula makala ndi mbaniro kapena kuthira phulusa, koma ndiye kuti ulonda uja sunathe. Komanso ine zophulikazi ndimaopa. Kwa aneba athu nandolo anafika kumalata.

APhiri a ku Dedza: Zimachitika munthu akadzaza kwambiri. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, zonsezi zimatupa ndiponso zimachita thovu, ndipo khungu lake likhoza kutseka kabowo kotulukira nthunzi. Musapitirire theka la mphika. Musanatereke, yang'anani kabowoko padzuwa muone ngati kuwala kukudutsa. Ndipo musakakamize chivindikiro kachitsulo kosonyeza pressure kasanatsike. Wa magetsi ambiri satseguka n'komwe mpaka nthunzi ithe.

Anti a mang'ina: Ine ndilankhula ngati wa geni. Ndimaphika mang'ina pafupi ndi depoti. Kale ndinkawatereka madzulo, n'kugona ndikudzukira moto. Pano ola limodzi ndi theka nyama yayamba kale kulekana ndi fupa, msuzi wonata bwinobwino, makasitomala sanadandaulepo. Nthumbwana ndi nkhuku ya lokolo yokalamba chimodzimodzi. Koma ndikuchenjezeni, anthu amagula poganiza kuti uphika chilichonse. Nsima imafuna mthiko ndi mkono, muvundula bwanji mphika uli chitsekere? Chambo chimangophwanyika. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, zimenezo n'za mphindi zochepa kale, mukaziika umo zisanduka phala. Therere la soda ndiye musayerekeze, thovu lake lija. Ndiye werengani kaye kuti pa sabata mumaphika kangati zinthu zolimba. Ngati ndi usipa ndi masamba masiku onse, ndalama yanu ingogona pa shelefu.

Nachisale: Nyemba katatu pa sabata anti, nthawi zina kanayi. Nzama ana amazikonda koma ndinasiya chifukwa cha makala omwewa.

Anti a mang'ina: Ndiye inu ndi eni ake a mphikawo. Chokhacho, pogula funsani ngati labala ya chivindikiro imapezeka payokha. Imatha, ndipo ikatha mphikawo wasanduka sefuliya wamba. Wanga woyamba ndinagula pa kaunjika, wokongola, koma labala yake ndinazungulira Limbe yense osaipeza.

Nangozo (Leeds, ku UK): Kuno tonse tili nawo, poti gasi ndi magetsi zinakwera. Koma asisi, yesani kaye njira yosalira ndalama. Viikani nyemba usiku, m'mawa ziwire kwambiri kwa theka la ola, kenako kulungani mphikawo m'bulangete lakale, muuike m'dengu, muvindikire. Pofika masana zapsa. Ku South Africa amagulitsa thumba lochita zomwezi, Wonderbag. Mukaona kuti zikukukwanirani, ndalamayo ipite ku fizi.

Achimwene a ku Joni: Komanso makala salinso otchipa, ndipo chisinthireni lamulo la nkhalango mu 2020, opanda chiphaso amalandidwa pa rodibuloko. Alamu athuwo awerengere bwino.

Nachisale: Ndawaonetsa zonsezi. Akuti mayunitsi azigula ndani.

Mayi a Tadala: Wanga ndi wa mawati 1,000, ndipo ukagwira pressure umadzizimitsa n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Nyemba mphika umodzi sizitha yuniti imodzi. Loweruka mutumize mwana adzatenge wangawu, muphikire nzama, bambowo aime pa mita aziona okha. Agogo, inunso mupite komweko.

Agogo aNambewe: Nzamazo zikhale za chaka chino. Zogonera m'thumba zaka ziwiri, ngakhale mphika wanuwo udzatuluka thukuta.