Funso: chibaluni cha L 59 chinabwereranji panjira?

Abale anga, ndithandizeni. Agogo anga anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a Angerezi) pa nkhondo ya Chiwaya, n'chifukwa chake nkhaniyi sindigona nayo tulo.

Pa 21 Novembala 1917, Zeppelin L 59, chibaluni cha asilikali apamadzi a Germany, chinanyamuka ku Yambol, Bulgaria, chitasenza matani 15 a zida ndi mankhwala opita kwa Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany ku Tanganyika. Unali ulendo wosabwerera: nsalu yake akanasokera matenti. Koma chitafika kumadzulo kwa Khartoum ku Sudan, chinalandira uthenga pa wailesi woti chibwerere, n'kutembenuka. Maola 95 m'mwamba osatera, tangoganizani!

Kodi uthengawo unachokeradi ku Germany, kapena anali machenjera a Angerezi? Ndipo chikanafika, chikanatera bwanji popanda anthu ophunzitsidwa kugwira zingwe zake? Amene mukudziwa, chonde ndimasulireni.