Mabuleki a X-Trail akulira, ndisinthe mapadi okha?

Abale anga odziwa za galimoto, ndithandizeni nzeru. Nissan X-Trail T31 yathu ya 2010 ikumalira kwiii kutsogolo ndikaponda buleki. Amakaniko atamasula matayala apeza kuti mapadi atsala mamilimita awiri okha, akumanzere ndiye atheratu, ndipo disiki ya mbali imeneyo ili ndi mizere yoti chikhadabo chikukodwamo. Iwo akuti tingoika mapadi atsopano basi.

Kodi disiki yotereyi siidya mapadiwo msanga? Ndikaipalitse pa makina, kapena ndigule ziwiri zatsopano? Nanga kutha mbali imodziku, mwina kalipa (chopanikiza mapadi pa disiki chija) yagwira osabwerera?

Sabata yamawa ndikutsika Khwekhwelere ndi ana kupita ku Mangochi, mtima sukukhazikika. Mapadi a kampani iti akukhalitsa kwa inu?