Za apolisi awiri aja: ndabwera ndi yankho

Sabata yatha ndinafunsa chimene chikuwakoka atate anga pa Lethal Weapon, sewero la pa TV la apolisi awiri a ku Los Angeles lomwe linayamba mu 2016, chikhalirecho iwo amati mafilimu a azungu ndi phokoso chabe. Ambiri munati ndi mfuti ndi magalimoto othamangitsana. Ayi ndithu.

Loweruka ndinakhala nawo pa mpando kwathu ku Chilenje, ine maso pa iwo osati pa TV. Magalimoto akamagundana iwo amasenda nthochi, alibe nazo ntchito. Koma Murtaugh, mmodzi wa apolisi awiriwo, bambo wa ana atatu amene wangochira kumene matenda a mtima, akayamba kudandaula kuti wapolisi mnzake Riggs amuphetsa, atate amaseka mpaka kutsokomola. Riggs mkazi wake anamwalira ali ndi pakati, ndiye saopanso imfa. Wina akufuna kufika kunyumba wamoyo, mnzake alibe womudikira. Nthabwala zonse zagona pamenepo, chisoninso chimodzimodzi.

Riggs ataitanidwa kukadya kwa Murtaugh, atate anangoti zii. Kenako anati, "Mwanawe, ndinali naye mnzanga wotere ku ntchito. Tinkakangana tsiku lililonse, koma pa maliro a amayi ako ndiye anayamba kufika."

Amene munandichenjeza za gawo lachitatu munanena zoona: Riggs kulibe, analowa Cole, yemwe amasewera ndi Seann William Scott, ndipo sewero linathera pomwepo mu 2019. Atate sindinawauzebe. Tikadali pa gawo loyamba, malaiti akalola.