Kodi kubzala udzu pansi pa nyanja si kutaya ndalama?

Nachisale wa ku Pembrokeshire:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Wales. Lamlungu lapitali ndinatenga agogo ena amene ndimawasamalira kupita nawo ku Dale, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja, kuti akapitidwe mphepo. Iwowa kale anali ndi boti lawo, ndiye akaona nyanja pakamwa sipatseka. Anandilozera chapakati pa madzi, amvekere apo pali munda. Ndinaseka, ndimvekere agogo mankhwala mwamwa koma? Kenaka anandifotokozera kuti mu 2020 anthu a mabungwe osamalira zachilengedwe a Project Seagrass ndi WWF, pamodzi ndi a Swansea University, anabzala pamenepo mbewu pafupifupi 1 miliyoni za udzu wotchedwa eelgrass, pa malo a mahekitala 2. Mbewuzo amaziika m'timatumba ta chiguduli pamodzi ndi mchenga, timatumbato n'kutimangirira pa chingwe chachitali, n'kumachimiza kuchokera m'boti. Akuti ngakhale ana a sukulu anathandiza kulongedza.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kwathu udzu timalimbana nawo ndi khasu. Ndiye funso langa n'lakuti, udzu umenewu uli ndi ntchito yanji yoti anthu ophunzira n'kumavutika nawo chonchi? Nanga umamera zoona, kapena ndi zija zongojambulitsa kuti ndalama zibwere?

Mphunzitsi Wopuma, Norfolk, Virginia:

Achemwali a Nachisale, funso lanu lafika kwa eni ake, chifukwa kuno ku Virginia, ku America, n'kumene ntchito imeneyi inabereka zipatso kuposa kwina kulikonse.

Choyamba, chimenechi si ndere. Ndi chomera chenicheni, chili ndi mizu, chimachita maluwa ndi kubereka mbewu zonga timpunga, zonsezo pansi pa madzi amchere. Dzina lake la sayansi ndi Zostera marina. Masamba ake ndi aatali, opyapyala ngati maliboni, ndipo akachuluka amafooketsa mafunde. Matope amene amayandama amakhazikika pansi, mizu n'kuwagwira, madzi n'kuyera. Tinsomba tating'ono, nkhanu ndi nkhono zimabisala m'menemo mpaka zitakula. Mukachotsa udzuwo mwachotsa chikuta cha nsomba.

Anthu a kuno anaziona ndi maso m'zaka za m'ma 1930. Kunabwera matenda amene anapha udzuwu mbali zonse ziwiri za nyanja ya Atlantic, kuno ndi kwanuko komwe. Ku gombe la kum'mawa kwa Virginia mphepo yamkuntho ya mu 1933 inadzamaliza wotsalawo. Nkhono zodyedwa zotchedwa bay scallop, zimene anthu ankapezera ndalama, zinatha. Atsekwe otchedwa brant amene amadya udzuwu anachepa kwambiri. Pansi pa madzi panakhala dazi zaka pafupifupi 70.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Robert Orth ndi anzake a ku Virginia Institute of Marine Science anazindikira kuti madzi a kumeneko ndi abwinobwino, chimene chikusowa ndi mbewu basi. Anayamba kumwaza. Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, anthu odzipereka amalowa m'madzi kukathyola mphukira zokhala ndi mbewu, n'kukazisunga m'mathanki m'kamudzi kotchedwa Oyster, kenaka nyengo ikayamba kuzizira amakamwaza ndi manja ali m'boti, monga mmene timafesera mawere. Pofika 2020 anali atamwaza mbewu zoposa 70 miliyoni pa mahekitala ongopitirira 200, koma udzuwo unadzifalitsa wokha mpaka mahekitala 3,612. Nkhono zija anazibweretsanso ndipo zikupezekamo.

Ine ndinapitako kamodzi ndi mdzukulu wanga. Madzi ofika m'chiuno, ozizira moti mano amachita kugundana. Umayenda chowerama, n'kumafufuza ndi zala mphukira yokhala ndi timbewu tondandalikana m'kati mwake. Tinkhanu timakutsina m'miyendo. Mdzukuluyo anadzaza thumba lake, ine ndinatuluka ndi theka ndiponso msana wowawa sabata yathunthu.

Nachisale wa ku Pembrokeshire:

Zikomo aphunzitsi, pepani ndi msanawo. Koma ngati kwanuko amangomwaza, kuno akuvutikiranji ndi timatumba?

Mphunzitsi Wopuma, Norfolk, Virginia:

Nkhanu, mayi. Kwanuko kuli nkhanu za m'gombe zimene zimadya mbewuzo, komanso madzi akamaphwa ndi kudzaza amakokolola kwambiri. Kathumbako kamateteza mbewu, mphukira imatulukira m'mipata ya chiguduli, ndipo chigudulicho chimadzaola chokha.

Komatu ndisakunamizeni kuti paliponse zimatheka. Pafupi pomwepa, m'kati mwa Chesapeake Bay, pamene nyanja yamchere inalowerera kumtunda, anthu ayesa kambirimbiri kubzala udzu womwewu ndipo malo ambiri unafa. Madzi ake amalandira feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'matauni, ndere zimachuluka n'kutchinga dzuwa. Kutentha nakonso sumakufuna: chilimwe cha 2005 chinapha wambiri. Ndiye mukafuna kudziwa ngati munda wa ku Dale uli ndi tsogolo, musafunse kuchuluka kwa mbewu. Funsani kuti m'madzi amenewo mukuthiridwa chiyani, komanso maboti akuponya kuti anangula.

Mwana wa Msodzi, Mangochi:

Ndawerenga zonsezi mtima ukuwawa, chifukwa nkhaniyi ndi ya ku Malombe yeniyeni, kungosiyana mtundu wa udzu. Wathu ndi wa m'madzi opanda mchere, a sayansi amati Vallisneria, ndipo chodabwitsa n'chakuti pa Chingerezi ena amautchulanso eelgrass ngakhale si pachibale chenicheni ndi wa aphunzitsiwo. Masamba ake ndi omwewo aataliatali. M'nyanja ya Malawi ulipo m'malo osaya a mchenga, ndipo pali nsomba zina zimene moyo wake wonse ndi wa m'menemo.

Bambo anga ankanena kuti ali mnyamata, ukamapalasa bwato ku Malombe nkhafi imakodwa m'zomera. Tiana ta chambo, kasawala uja, timakulira m'menemo. Kenaka kunabwera makoka a kambuzi ndi nkacha, maukonde a maso ang'onoang'ono okwekwereza pansi. Ndili mwana ndinkathandiza kukoka, ndipo ndikukumbukira bwino mulu wa udzu umene tinkakutumula pa mchenga tisanayambe kutola nsomba. Tinkautaya uko ngati zinyalala, n'kumadandaula kuti ukulemeretsa khoka. Palibe amene ankaganiza kuti tikugwetsa khola. Pofika m'zaka za m'ma 1990 chambo ku Malombe chinali chitagweratu, ndipo mpaka lero sichinabwerere mmene chinalili.

Ndiye achemwali, ine sindingaseke anthu a timatumbawo. Chimene ndingatsutse n'chimodzi: kwathu kuno wina atabwera ndi pulojekiti yobzala udzu makoka akadali m'madzi, ameneyo ndiye wodya ndalama. Usiku umodzi wokha munda wonse ungathere pa gombe.

Che Phiri, Knysna:

Moni nonse. Ine ndimagwira ntchito ya m'maluwa kuno ku Western Cape ku South Africa, sindine wophunzira ngati enanu, koma udzuwu ndimauona tsiku lililonse madzi akaphwa. Wa kuno ndi m'bale wake wa ku Wales uja, dzina lake Zostera capensis, masamba ake ndi aafupi ndi opyapyala. M'menemo mumakhala kansomba ka mutu ngati wa hatchi, kamene kamapezeka m'malo atatu okha pa dziko lonse: kuno ku Knysna, ku Swartvlei ndi ku Keurbooms. Kamakulunga mchira ku tsamba kuti madzi asakatenge. Ndinakaonapo kamodzi, kotalika ngati chala changachi.

Chimene chimawononga kuno ndi kukumba nyambo. Anthu amabwera ndi mafosholo kufuna tinkhanu ta m'matope tokawedzera, n'kutembenuza udzu mizu m'mwamba. Ndisabise, chaka changa choyamba nanenso ndinapita nawo anzanga kawiri, ndiwo zinali zovuta. Dzenje limene tinakumba ndinkalionabe patapita miyezi, poyera ngati chipsera.

Nachisale wa ku Pembrokeshire:

Ndathokoza nonse. Lero ndinawawerengera agogo aja zimene mwalembazi, ndikumasulira pang'onopang'ono. Pa nkhani ya anangula anakhala chete kanthawi, kenaka anavomera kuti tcheni cha boti lawo chinkasesa pansi mozungulira mphepo ikatembenuka, moti madzi akayera pankaoneka bwalo la mchenga wokhawokha pakati pa udzu. Akuti masiku ano kuli zomangira maboti zina zoti tcheni sichigunda pansi, ngati zimene anaika ku Studland Bay ku Dorset, koma iwo amati nthawi yawo kunalibe.

Za ku Malombe zawakhudza kwambiri, mpaka andifunsa kuti chambo chimakoma bwanji. A Mwana wa Msodzi, kodi kuli malo ku Malombe kapena ku Shire kumene udzuwo udakalipo? Ndikubwera kumudzi mu Ogasiti, ndipo ndikufuna ndikawajambulire.